Danton akulankhula, ife tikuthamangira chimanga

Kwathu ndinkadziwika ndi pakamwa. Kukakhala ukwati kumbali ya kwathu ku Ntcheu, maikolofoni inkabwera kwa ine, ndipo pelekanipelekani ndinkamukoka mpaka anthu kukhuthula matumba uku akuseka. Ndinaphunzitsapo kusekondale zaka 6, kalasi ya ana 90 ndinkaikhalitsa chete popanda ndodo. Kenako ndinabwera kuno ku Germany kudzaphunzira ntchito yosamalira okalamba, m'katauni kena pafupi ndi Darmstadt, pakamwa paja n'kuuma gwa. Miyezi yoyamba ndinkangoyenda ndi timawu titatu m'thumba: ja, danke, gleich (inde, zikomo, posachedwa). Anzanga akamaseka pa nthawi ya khofi, ine ndinkaseka mochedwa, ngati mlendo wovina gule wa eni ake, phazi kutsalira ng'oma.

Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chifukwa chake filimu yopanda mawu, ya zaka zoposa 100 zapitazo, yokamba za Afalansa koma yopangidwa ndi Ajeremani, yakhala ikundisowetsa tulo kuyambira Novembala.

## Chipinda chakumapeto

M'chipinda chakumapeto kwa khonde lathu mumakhala bambo wina wobadwa mu 1937, amene moyo wawo wonse anali mphunzitsi wa Chijeremani. Mumtima ndimawatcha agogo, koma pakamwa ndimati Herr n'kutchula dzina la makolo awo, monga mwa mwambo wa kuno. Mutu uli bwinobwino, miyendo ndiyo inakana, makutu nawo anatha. Kachipangizo kowathandiza kumva kamangolira likhweru, ndiye nthawi zambiri kamakhala m'kapu pawindo. Pa shelefu pawo pali ma DVD a mafilimu akale okhaokha, a nthawi ija kanema asanayambe kulankhula. Amati amenewo okha ndi amene sawanyoza.

Lamlungu lina nditaweruka, kunja kukuwaza kamvula kozizira kaja, basi yanga itatsala ndi ola lathunthu, anandikodola ndi chala. Anati ndikhale pansi, chifukwa pa filimu iyi Chijeremani changa ndi makutu awo zikhala pa mlingo umodzi. Ndinaseka pa nthawi yake, koyamba m'miyezi ingapo.

Filimuyo dzina lake ndi Danton. Inaonetsedwa koyamba ku Berlin mu Meyi 1921. Anaitsogolera ndi Dimitri Buchowetzki, munthu wa ku Russia amene anasamukira ku Germany zinthu zitavuta kwawo. Emil Jannings ndiye Danton, Werner Krauss ndiye Robespierre. Agogo ananena mayinawa mwamsangamsanga ngati akuitana ana m'kaundula, kenako n'kuloza kuwindo, kumbali ya Darmstadt. "Mwini nkhaniyi anailembera apo," anatero, "makilomita ochepa chabe kuchokera pomwe mwakhalapo."

## Mnyamata wolemba khutu lili kukhomo

Ankanena Georg Büchner. Amene mwafikako ku Darmstadt dzinali mwalionapo, ndipo mphoto yaikulu ya alembi a Chijeremani imatchedwa dzina lomweli, imaperekedwanso mumzinda momwemu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti anali mwana. Anabadwa mu 1813 ku Goddelau, anamwalira ku Zürich mu Febuluwale 1837 ndi matenda a typhus ali ndi zaka 23. Ena mwa anyamata amene ndinkawaphunzitsa Fomu 4 anali pafupi kufika pamenepo.

Ankaphunzira zaudokotala ngati bambo ake. Mu 1834, pamodzi ndi m'busa wina dzina lake Friedrich Ludwig Weidig, anatulutsa mobisa kapepala kotchedwa Der Hessische Landbote, kowerengera alimi osauka a ku Hesse ndalama za msonkho zimene ankalandidwa ndi kumene zinkathera. Anzake anayamba kumangidwa mmodzimmodzi. Iye anabwerera kunyumba kwa makolo ake ku Darmstadt, ndipo kumayambiriro kwa 1835, akudziwa kuti tsiku lililonse apolisi akhoza kugogoda, analemba sewero la Dantons Tod, kutanthauza imfa ya Danton, m'masabata osaposa 5. Ankafuna ndalama yothawira. Mu Malichi anawoloka malire kupita ku Strasbourg. Weidig anamangidwa, ndipo anafera m'ndende ya ku Darmstadt patangopita masiku 4 Büchner atamwalira.

Seweroli linasindikizidwa chaka chomwecho cha 1835, mkonzi Karl Gutzkow atadulamo mawu amene ankaona kuti sangadutse kwa a boma, koma palibe amene analiika pa siteji mpaka 1902, ku Berlin. Zaka 67 lili m'kabati. Amene anadzalidzutsa kwenikweni ndi wotsogolera masewero Max Reinhardt mu 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati.

Nkhani yake ndi ya masiku osakwana masabata awiri, kuchokera pa 24 Malichi kufika pa 5 Epulo 1794, ku Paris, pa nthawi ya kuukira kwakukulu kwa ku France. Mfumu anali ataidula kale mutu, otsalawo anayamba kudyana okhaokha. Danton, amene anathandiza kugwetsa ufumu, amenenso anakankha kuti pakhale khoti lapadera loweruza adani a boma latsopano, watopa ndi magazi, akufuna kuphana kulekeke. Robespierre, mtsogoleri mnzake, akuti ntchito sinathe. Khoti limene Danton anathandiza kukhazikitsa lija ndi lomwe likumudikira.

Sewero la Büchner ndi mawu okhaokha. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 analikopera m'mabuku a mbiri, zimene anthuwo analankhuladi m'nyumba ya malamulo ndi kukhoti. Kwinako ndi anthu atakhala pansi, kukambirana za imfa, za Mulungu, za kutopa ndi moyo. Pali malo ena pomwe Danton, anzake akumufulumiza kuti adzipulumutse, amangodandaula kuti zimatopetsa tsiku lililonse kuyamba kuvala malaya kenako buluku pamwamba pake. Ine amene m'mawa uliwonse ndimaveka anthu 8 malaya kenako buluku, mzere umenewo ndinauwerenga katatu.

## Liwu lopanda liwu

Chimene chinkandiseketsa poyamba n'chakuti mwa anthu onse a m'mbiri, anasankha ameneyu kumuika mu filimu yopanda mawu. Georges Danton chuma chake chinali kummero. Chimunthu chachikulu, nkhope yazipsera za nthomba, liwu ngati bingu. Amati pa mlandu wake, mawindo a khoti ali otsekula, anthu ankamumva ali kutsidya kwa mtsinje wa Seine. Woimira boma, Fouquier-Tinville, analephera kumugwira pakamwa. Ndiye pa 4 Epulo, Saint-Just, mnzake wa Robespierre, anapita kunyumba ya malamulo n'kukatengako lamulo lakuti woimbidwa mlandu akanyoza khoti akhoza kuchotsedwa, mlandu n'kupitirira iye kulibe. Mawa lake Danton anamudula mutu ali ndi zaka 34, pamodzi ndi Camille Desmoulins ndi anzawo ena. Kunena mwachidule, anayamba amulanda liwu kenako mutu. Filimu ya 1921 nayo inamulanda liwu, osati mwa nkhanza, koma chifukwa makina ake anali asanabwere.

Ndiye Jannings amalankhula ndi thupi. Chifuwa patsogolo, khosi poyera, akaseka amaseka ndi mimba yonse, akakwiya chibakera chimayamba chisanafike chikwangwani cha mawu. Krauss anasankha njira ina. Robespierre wake wamangidwa m'jekete yothina, khosi lakulungidwa nsalu mpaka kuchibwano, nkhope yoyera mbuu ngati wagwera mu ufa, amayenda ngati mafupa ake ndi a waya. Chaka chimodzi m'mbuyomo, Krauss yemweyu ndi amene anali Caligari, dokotala woopsa wa mu filimu ina yotchuka ya ku Germany, ndipo kafungo kake kakumvekabe. Ukangowaona awiriwa m'chipinda chimodzi, sufunikanso kuwerenga kalikonse. Wina ndi nyama, wina ndi mpeni.

Sindikunamizani kuti yonse ndi yabwino. Theka loyamba ladzaza ndi nkhani za akazi, uyu wakonda uyu, uyu wachita nsanje, zimene mwa Büchner mulibe m'njira imeneyo. Atafika nayo ku America anaisintha ndi dzina lomwe, n'kuitcha All for a Woman, ngati kuti dziko la France linagwedezeka chifukwa cha chibwenzi. Maganizo olemera aja a mnyamata wa ku Darmstadt, munthu wodzifunsa ngati ndi iye amachita zinthu kapena pali chingwe chimamukoka, ambiri anatsala kunja. Ndinayang'ana wotchi kawiri. Basi ndinali ndisanaiiwale.

## Khoti

Kenako nkhani inafika kukhoti, ndipo basi ija inapita popanda ine.

Chipindacho n'chachitali, anachimanga ndi Hans Dreier, amene pambuyo pake anakagwira ntchito ku Hollywood. Oweruza ali pamalo pawo, koma maso ako sapita kumeneko. Amapita kwa anthu, chikhamu chodzaza mabenchi mpaka m'mwamba, mitu pamwamba pa mitu. Danton akuyankha mlandu, koma oweruzawo sakuwawerengera. Akulankhula ndi anthu aja. Pakamwa pakutseguka, mitsempha ya m'khosi yaima, mkono ukukwera. M'chipinda cha agogo munkangomveka piyano ya pa DVD, imene iwo sankaimva n'komwe, ndi chitoliro cha madzi otenthetsa chikuchita thi, thi. Koma ndikulumbira, ndinamumva munthuyo. Ndinamumva pa zimene chikhamu chinkachita: akakweza dzanja, anthu onse amaweramira kutsogolo ngati chimanga mphepo ikawomba, akamenya pachifuwa, manja mazanamazana m'mwamba. Amene munagwirapo maikolofoni mukudziwa mphindi imeneyi, pomwe holo yonse imakhala m'dzanja lako ngati dzira lotentha, ukudziwa kuti chilichonse unene tsopano chilowa. Ndinali nditaiwala kukoma kwake. Ndinapezeka ndakhala kunsonga kwa mpando.

Mlandu wapita kwa Danton, aliyense akuona. Ndiyeno kunabwera uthenga wakuti kunja kukugawidwa chakudya.

Mabenchi aja anayamba kukhuthuka. Mmodzi, khumi, kenako onse, kukankhana, kupondana, kuthamangira kukhomo. Anthu omwe aja, manja omwe aja. Pakutha pa kamphindi, munthu amene anali ndi Paris yense kumbuyo kwake watsala ndi oweruza ake basi.

Agogo anapukusa mutu n'kung'ung'udza liwu limodzi: "Pöbel." Liwu limenelo ndinkalidziwa. Ndi liwu lonyoza chigulu cha anthu wamba, anthu opanda mutu, ongotengeka.

Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinaimirira n'kuyamba kulankhula Chijeremani, chambiri kuposa chonse chimene ndinalankhula chilowereni m'dziko muno, mawu kugwera pena paliponse, manja akuthandizira. Ndinalankhula mwina mphindi zitatu. Iwo ankangondiyang'ana mwachidwi. Nditatha anatambasula dzanja, n'kutenga kachipangizo kaja m'kapu, n'kukaika kukhutu. Sanamve ngakhale liwu limodzi. Anati, "Noch einmal, bitte." Ndibwerezenso.

## Febuluwale 2002

Chimene ndinawauza kachiwiri, mwachidule komanso mwamanyazi, ndi ichi.

Chaka cha njala chija ndinali ndi zaka 12. Amene munalipo simufuna kukumbutsidwa: chimanga m'munda chisanakhwime, gaga kusanduka chakudya cha ulemu, ena kukumba zitsa za nthochi. M'kati mwa zimenezo, banja lathu linali ndi mlandu wa dimba la agogo athu aakazi, la m'mbali mwa mtsinje, limene munthu wina wopeza bwino ankati linaperekedwa chikole pa ngongole ya kalekale. Bwalo linakhala pansi pa mkuyu kwa amfumu. Wotiyankhulira anali malume, eni mbumba.

Malume anali ataonda, jekete likungolendewera m'mapewa, koma pakamwa panali pomwepo. Ine pakamwa pangapa ndinatengera iwo. Anayamba ndi mtengo wa m'malire, amene anaudzala ndi chaka chake. Anatchula amene anakumba chitsime, amene analumidwa ndi njoka akulambula, mwana amene mchombo wake unakwiriridwa kumtunda kwa dimbalo. Akafunsa funso, bwalo lonse linkayankha lokha. Amayi ena anayamba kuwomba m'manja chapansipansi. Mbali inayo inali itazolika.

Mnyamata wina anatulukira pa njinga akukuwa asanatsike n'komwe: "Lole yafika! Chimanga chafika kumsika!"

Sindikumbukira kuti pali amene anaganiza. Ndimakumbukira fumbi, zitenje zikumangidwa m'chiuno anthu ali kale pa liwiro, beseni likugubuduka. Amayi anandigwira pamkono n'kundikoka, amayi anga, mlongo wawo wa munthu amene ankalankhulayo. Ndinacheuka kamodzi. Malume anali chiimire pansi pa mkuyu, dzanja lili m'mwamba, pakamwa pakuyendabe, koma mawu sankamveka chifukwa cha mapazi athu. Chithunzi chimenecho ndakhala nacho zaka zoposa 20, chopanda mawu, ndipo sindinkadziwa kuti munthu wina anachijambula kale ku Berlin agogo anga asanabadwe.

Pabwalo panatsala amfumu, nduna zawo ziwiri, ndi mbali inayo, imene inalibe chifukwa chothamangira lole. Dimba linapita. Ife tinaima pamzere mpaka dzuwa kulowa, tinabwerako ndi makilogalamu 10.

Agogo anamvetsera mpaka kumapeto. Sanapepese. Anandituma pa shelefu kuti nditenge kabuku kachikasu ka sewero la Büchner, timabuku tating'ono tija ta Reclam timene ana asukulu kuno amayenda nato m'thumba, n'kunena kuti ndikawerenge kumapeto kwa gawo lachitatu, kenako tidzakangane bwino.

## Zimene Büchner analemba

Kabukuko kananditengera masabata 5, dikishonale ili pambali. Mwini wake analemba m'masabata 5, ine kuwerenga chabe masabata 5. Koma nditafika pomwe anandiuzapo, ndinapeza kuti zothamangira chakudya zija mulibemo.

Mwa Büchner, Danton amawakuwira anthu m'khoti kuti inu mukufuna buledi, awa akukuponyerani mitu. Anthu amamuchemerera. Kenako nkhani imatuluka panja, kutsogolo kwa nyumba ya khoti, pomwe chigulu chikukangana. Munthu wina wamba amayamba kuwerengera: Danton ali ndi zovala zabwino, nyumba yabwino, mkazi wokongola, amasamba mu vinyo, amadyera nyama m'mbale zasiliva. Anali wosauka ngati inu, zonsezi wazitenga kuti? Nanga Robespierre ali ndi chiyani? Chigulu chimatembenuka pomwepo, n'kuyamba kukuwa kuti Danton ndi wachiwembu.

Kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa mmene kumaonekera. Anthu a Büchner apusitsidwa, inde, koma apusitsidwa ndi funso limene lili ndi mano. Danton ankadyadi bwino pomwe Paris ankagona ndi njala. Mnyamata amene chaka chimodzi m'mbuyomo ankawerengera alimi ndalama za msonkho sakanalemba anthu osauka ngati mimba zokhala ndi miyendo. Anawapatsa mutu, ngakhale mutuwo unasochera.

Zogawa chakudya zinachokera kwina. Mfalansa Romain Rolland analembanso sewero lake la Danton, ndipo mmenemo ndi momwe khamu la m'khoti limamwazika litamva kuti ufa ndi nkhuni zikufika padoko la Bercy. Reinhardt analiika pa siteji ku Berlin mu 1920, m'chinyumba chachikulu cha Großes Schauspielhaus, chokhala anthu pafupifupi 3,000, ndipo ochita sewero ena anawakhazika pakati pa oonerera kuti azikuwa ngati anthu a ku Paris. Berlin yense anali akukambabe zimenezo pomwe Buchowetzki ankajambula filimu yake.

Ndikumvetsa chifukwa chake anasankha njira ya Rolland. Kamera ya 1921 sikanatha kujambula mkangano. Munthu wowerengera mbale zasiliva akanafuna zikwangwani za mawu zisanu ndi chimodzi motsatizana, oonerera n'kuyamba kuyasamula. Koma miyendo yothamanga, imeneyo kamera imaidziwa. Mabenchi odzaza, mabenchi opanda munthu: mwana aliyense amva, Mchewa wosadziwa Chijeremani amva, nkhalamba yogontha imva. Monga luso, n'zoona, palibe chithunzi china mu filimu yonseyo chofika pamenepo. Koma pochotsa mawu m'kamwa mwa Danton, anachotsanso mawu m'kamwa mwa anthu, ndipo Danton anatsala ndi Jannings womulankhulira ndi chifuwa. Anthu aja sanatsale ndi aliyense. Ukawaona ali chikhamu chotero, suona kuti uyu wasiya mwana kunyumba amene sanadye chiyambire dzana.

## Amene anakhala m'mipando mu 1921

Titakumananso kuti tikangane, ndinabwera nditakonzeka. Ndinawafunsa agogo kuti kodi amene ankaonera filimuyi itangotuluka anali ndani.

Anali anthu amene zaka 4 zokha m'mbuyomo anadutsa m'nyengo yozizira ya 1916 mpaka 1917, imene Ajeremani amaitcha Steckrübenwinter, mbatata zitakanika, anthu n'kumadya mpiru wa mizu umene ankadyetsa ziweto. Zombo za adani zinatseka njira za chakudya mpaka pakati pa 1919, nkhondo itatha kale. Buledi ankagulabe ndi makhadi. Anali ataonanso kuukira kwawokwawo: mfumu yawo inathawa mu Novembala 1918, atsogoleri achikomyunizimu Rosa Luxemburg ndi Karl Liebknecht anaphedwa ku Berlin pa 15 Januwale 1919, asilikali anayesa kulanda boma mu Malichi 1920, ndipo mu Malichi 1921 kunali kuwomberana pakati pa apolisi ndi ogwira ntchito m'chigawo chapakati cha dzikolo. Mwezi womwe filimuyi inatuluka, mayiko opambana nkhondo anapereka chikalata chakuti Germany ilipire ndalama zagolide zokwana 132 biliyoni. Anthu amenewa sankaonera mbiri ya France. Ankadziwa fungo la mzere wa buledi, ndipo ena mwa iwo anali atasiyapo msonkhano wa chipani chifukwa cha mzere umenewo.

Opanga mafilimu nawo anali ndi chifukwa chawo chokondera mawigi ndi majekete a Afalansa. Ndalama ya Germany inali itagwa, kujambula kunali kotchipa, ndipo kunja anthu sankafuna kuona chilichonse chonunkha Chijeremani. Filimu ya Ernst Lubitsch ya Madame Dubarry, momwe Jannings anali mfumu Louis XV, inali itadzaza maholo ku New York kumapeto kwa 1920. Nkhani ya dziko la eni inkagulika. Chikhamu nachonso chinali chotchipa: Berlin anali wodzaza ndi anthu opanda ntchito, olembedwa ganyu pa tsiku. Ndimaganiza za iwo kwambiri. Munthu wavekedwa nsanza za 1794, wauzidwa kuti akamva likhweru athamangire buledi wabodza, kuti madzulo alandire ya buledi weniweni. Sindikhulupirira kuti panafunika kuwaphunzitsa kathamangidwe.

Agogo anakhala chete, kenako anandiuza za nyengo yozizira ya 1946 mpaka 1947. Darmstadt anali atapsa kale ndi mabomba a usiku wa pa 11 Seputembala 1944. Iwo anali ndi zaka 9, ankakwera mabogi a sitima kukagwetsa malasha, mchemwali wawo akutolera pansi. Ndinayesa kuti ndapambana. Koma anapitiriza: kuba malasha ndi kwina, kusiya munthu amene wakuyankhulira ali yekha pamaso pa omupha ndi kwina. Njala imafotokoza, anatero, koma Danton anafabe. Ndinafuna kuwauza mwambi wathu uja wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma Chijeremani chake sichinabwere, ndipo mwina ndi bwino, chifukwa dimba nalo linapitabe.

Chimene anavomera ndi chimodzi, ndipo anachinena okha. Anati liwu lija la Pöbel analiponya kolakwika. Jannings anapita ku Hollywood, mu 1929 anakhala mwamuna woyamba kulandira Oscar wa katswiri wa zisudzo, koma mafilimu atayamba kulankhula, Chingerezi chake cholemera chinamubweza kwawo. Munthu amene anajambula liwu la Danton popanda mawu anagwa ndi liwu lake lomwe. Kwawoko anakhala wokondedwa wa Goebbels, nduna ya Hitler yoona zofalitsa nkhani, ndipo mu 1941 anasewera Paul Kruger wa ku South Africa mu filimu yofalitsa mabodza a chipani cha Nazi. Krauss mu 1940 anasewera Ayuda angapo mu Jud Süß, filimu yopangidwira kudzutsa chidani. "Awiri amenewo," anatero agogo, "ndi amene anathamangira buledi. Ndipo sanali ndi njala." Anawonjeza kuti Danton wina anajambulidwa mu 1931, wa mawu tsopano. Fritz Kortner, amene anali Danton mmenemo, anathawa m'dziko chifukwa anali Myuda. Hans Behrendt, amene anaitsogolera, anafera kundende yopherako anthu ya Auschwitz mu 1942.

Anavula kachipangizo kaja n'kukabwezera m'kapu. Ndiye kuti phunziro latha.

## Foni ya kumudzi

Malume anatisiya mu 2011. Nkhani ya tsiku lija sanaitchulepo, kwa ine kapena kwa wina aliyense amene ndikumudziwa, ndipo zaka zonsezi chete ameneyo ndinkamuwerenga ngati mlandu umene sunawole. Pamaliro pawo ndine ndinalankhula m'malo mwa adzukulu a m'banjamo, anthu anati ndinalankhula bwino, koma mkuyu uja ndinaulambalala.

Sabata yatha ndinawaimbira amayi pa WhatsApp, mchemwali wanga atawagwirira foni. Tinayamba ndi za mvula, za feteleza, za bondo lawo. Kenako ndinafunsa.

"Amayi, mukukumbukira tsiku la mlandu wa dimba lija, lole itabwera?"

Anakhala kaye chete mpaka ndinayesa netiweki yadula.

"Iwe, za kalekale zimenezo wazitenga kuti? Kumeneko kulibe ntchito?"

Ndinawauza kuti ndinaonera filimu. Anaseka, anati azungu andilodza. Kenako anati akukumbukira, koma chimene akukumbukira kwambiri ndi thumba, kuti linali lobowoka pakona, ine n'kumayenda kumbuyo kwawo ndikutola njere imodziimodzi mumdima. Chigayo chinali chitatseka, ndiye anasinja mumtondo usiku womwewo.

"Nanga malume?" ndinafunsa. "Anakwiya?"

"Achimwene? Si anabwera kunyumba usiku womwewo? Waiwala? Unawathirira madzi osamba m'manja ndiwe."

Ndinalibe chikumbukiro chilichonse cha zimenezo. Ndinafunsa kuti ananena chiyani.

"Anene chiyani? Anakhala pamphasa, jekete lawo lija osavula. Ndinawaikira mitanda iwiri, wina anakugawira iwe. Anadya, anasamba m'manja, n'kufunsa ngati lole ibwerenso Lachisanu."